Mutu 6: Kabokosi Kamene Kadatsala Pansi pa Tebulo

1. Laputopu yopanda maso

Nasrin Bwanali adakhoza bwino mayeso a Fomu 4, koma kukhoza kokha sikulowetsa munthu ku koleji. Bambo ake, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Old Town, adali atamuuza kale mosapita m'mbali.

"Mwanawe, ine ndakufikitsa pamene mphamvu zanga zathera. Ndalankhula ndi a Jasuben a sitolo ya nsalu ija. Akufuna mtsikana woyeza nsalu ndi kupinda. Mpikisano wakowo ukakukanika, Lolemba ukayamba ntchito. Usadzati sindinakuuze."

Mpikisanowo udali wa bungwe lina lolimbikitsa luso pakati pa achinyamata. Ana asanu ndi atatu adafika m'ndime yomaliza, ndipo wopambana ndiye amene bungwelo likamulipirire maphunziro onse a ku koleji. Malo adali amodzi basi.

Nasrin adapanga kachipangizo koyeza madzi a mumtsinje wa Lilongwe. Madzi akayamba kukwera, kachipangizoko kankatumiza uthenga ku laputopu, ndipo pa sikirini pankaoneka mzere wofiira ukukwera, kuchenjeza anthu a m'mbali mwa mtsinje kuti athawe. Ntchito ya miyezi isanu ndi inayi imeneyo, abale, yosagona nayo tulo tabwino.

Koma laputopuyo! Idali ya amalume ake a Mukhtar, mlongo wa mayi ake, omwe ankakonza makompyuta ndi ma TV m'kachipinda kuseri kwa msika. Sikirini yake idasweka kalekale. Kuti uone chilichonse, umayenera kuilumikiza ku monita ina yapadera. Ndipo pulogalamu yonse ya Nasrin idali m'laputopu imeneyo yokha.

M'ndime yoyamba, Nasrin adachita kunyamula monita ya amalume ake m'chitenje, kukwera nayo minibasi. Atalowa nayo m'holo, mnyamata wina wa pasukulu yolipira, dzina lake Clive, adafuula kuti, "Kodi achemwali mwabwera ku mpikisano kapena mukusamuka?" Holo yonse idaseka. Nasrin adapambana tsiku limenelo, koma kuseka kuja kudamukhala mumtima ngati munga.

Tsopano kalata ya ndime yomaliza idanena zinthu zitatu. Mpikisano udzachitika Loweruka m'holo ya hotela ina ku City Centre. M'holomo muli TV yaikulu, choncho wina asabwere ndi monita yake. Ndipo Lachisanu masana aliyense apite akayese makina ake.

2. Zingwe zinayi

Lachisanu m'mawa a Mukhtar adamuitana Nasrin m'kachipinda kawo. Adakankhira pambali mawailesi akufa kuti patebulo papezeke malo.

"Khala apa, mwana wa mlongo wanga. Tsegula makutu, chifukwa mawa ine sindikakhalako. Akuti polowa n'kuonetsa khadi, ndipo khadi ine ndilibe."

Adatola zingwe zinayi m'dengu nazindandalika patebulo.

"Ichi cha mutu wa buluu ndi VGA. Werenga mano ake. Khumi ndi asanu, m'mizere itatu. Ndi nkhalamba ngati ine, ndipo laputopu yathu ili ndi khomo la chimenechi chokha. Ichi choyera chotakata ndi DVI, masiku ano chikusowa. Ichi chophwatalala ndi HDMI. Ma TV akuluakulu a m'mahotela amafuna chimenechi. Ndiye pali ichi, DisplayPort. Ukachiona mothamanga uyesa ndi HDMI, koma taona bwino, ngodya imodzi yokha ndiyo yodulidwa. Anthu athyola makomo a makina awo pochikakamiza. Ndawakonzera ambiri muno, ena a mataye awo."

"Ndikudziwa, malume," adatero Nasrin, maso ali pa foni.

"Ndikudziwa adamanga nyumba yopanda khomo. Ika foniyo pansi."

Nasrin adaika foni pansi.

"VGA ndi HDMI sizilankhula chinenero chimodzi. VGA imatumiza chithunzi ngati mafunde a magetsi. HDMI imatumiza manambala. Ndiye pakati pafunika womasulira, ndipo womasulirayo ndi aka."

Adatulutsa kabokosi kakuda m'dilowa. Ha, kunyansa kwake! Kadali kong'aluka pakona, kokulungidwa ndi tepi wachikasu yemwe adayamba kale kumatuka, ndipo mawaya adali lendelende mbali zonse.

"Uku ulowetsa chingwe cha buluu chochokera ku laputopu. Uku kutuluka HDMI kupita ku TV. Kawaya kachitatuka ulowetse pa USB, chifukwa womasulira nayenso amadya. Popanda magetsi sagwira ntchito. Tsopano chachikulu n'chimene ndikuuze apachi, ndipo usachiiwale. Timabokosi totere timayenda njira imodzi, ngati madzi a mumtsinje wako uja. Kotenga VGA kupita ku HDMI n'kena. Kotenga HDMI kupita ku VGA n'kenanso. Sitibwerera m'mbuyo. Wina akhoza kukupatsa kena kokongola, mitu yonse n'kulowa bwinobwino, iwe n'kusangalala. Koma kulowa si kugwira ntchito, Nasrin. Kiyi wa nyumba ya eni amalowa pa loko wako, koma chitseko sichitseguka. Zaka makumi awiri ndili pa ntchito imeneyi, ndipo ndaona anthu ophunzira akulira chifukwa cha kachingwe. Masana ano upite kuhotelako. Usakangoona ndi maso. Ukalumikize mpaka chithunzi chituluke, ndipo ukabwere udzandiuze. Wamva?"

"Ndamva, malume."

Nthawi ya Ijumaa itayandikira, a Mukhtar adavala mkanjo wawo napita ku mzikiti, akutsimphina chifukwa mwendo wawo wina unkawavuta. Nasrin adanyamula chikwama nalunjika kokwerera minibasi.

3. Ku Area 47

Asadafike pasiteji, foni idalira. Adali Angela, mtsikana wa ku Area 47 yemwe adadziwana naye m'ndime yoyamba. Nayenso adali mmodzi wa asanu ndi atatu aja.

"Uli kuti, mnzanga? Tili m'tauni ndi adadi. Dikira pomwepo tikutenge."

M'galimoto mudali mozizira, monunkhira bwino. Nasrin atanena zopita kukayesa makina, Angela adagwedeza mutu.

"Iii, zotaya nthawi zimenezo. TV ndi TV basi. Tiye kwathu tikayeserere zolankhula. Ndikubwerekanso jekete, mawa ukaoneke bho."

Apa m'pamene Nasrin akadakana. Sadakane.

Kwa Angela kudali mpanda wautali, kapinga wobiriwira ngakhale mu Okutobala, ndi TV yodzaza khoma. Nasrin atatsegula chikwama, kabokosi kakuda kaja kadagwera pa kapeti, mawaya ali balala. Angela adaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ichi ndiye chiyani? Msampha wa makoswe? Ayi mnzanga, usakatulutse chimenechi pamaso pa anthu. Ukudziwa kuti pakhomo amakhuthula chikwama chonse patebulo, aliyense akuona? Clive akachiona, wathera pomwepo."

Angela sadali mtsikana woipa mtima. Ankafunadi kuthandiza. Adathamangira kuchipinda nabwera ndi kachipangizo koyera, kosalala, kotalika ngati chala. Mbali ina kadali ndi mutu wa HDMI, mbali ina khomo la VGA.

"Tenga aka. Ine ndimalumikizira laputopu yanga ku pulojekita yakale ya kusukulu kwathu. Sikanandikhumudwitsepo. VGA uku, HDMI uku. Si zomwezo?"

"Koma amalume anati timayenda njira imodzi."

"Waya ndi waya, Nasrin. Ali ndi maso oti aziona kumene akupita?"

Adaganiza zoyesa pa TV ya pakhoma ija, koma magetsi adali atazima kuyambira m'mawa. Choncho adangolumikiza. Chingwe cha buluu chidalowa m'laputopu. Mutu wake wina udalowa m'kachipangizo koyera. Kachipangizoko kadalowa kumbuyo kwa TV, kuti tswii, ngati kadabadwira pomwepo.

"Waona? Zonse zalowa," adatero Angela akuomba m'manja.

Dzuwa likupendeka, Nasrin adafika ku kachipinda ka amalume ake kudzasiya laputopu kuti igone pa chaji.

"Wayesa?" adafunsa a Mukhtar.

"Eya, malume."

"Chithunzi chinatuluka?"

"Chinatuluka bwinobwino."

"Alhamdulillah," adatero a Mukhtar, nkhope yawo ikuwala. "Ndiye mtima wanga wakhala pansi."

Bodza limatuluka mosavuta, anthuni, ngati malovu.

4. Pansi pa tebulo

Loweruka m'mawa Nasrin adavala mpango wake watsopano ndi jekete ya Angela. Mayi ake adamupempherera pakhomo la nyumba yawo ku Area 4. Bambo ake sadanene zambiri. Adangomukonza kolala ya jeketeyo ndi zala zawo za utelala, nati, "Pita."

Ku kachipinda kuja adapeza a Mukhtar atalongedza kale zonse. Laputopu, kachipangizo koyeza madzi, kandowa kakang'ono, chingwe cha buluu, ndi kabokosi kakuda pamwamba penipeni.

Kasitomala wina adawaitanira panja kuti aone TV yomwe adabwera nayo pa njinga. Nasrin adatsala yekha. Adayang'ana kabokosiko, adayang'ana jekete ya Angela. Kenaka adakatulutsa msangamsanga nakakankhira pansi pa tebulo, kuseri kwa mamonita akufa.

"Ndapita, malume!"

"Allah akutsogolere, mwana wa mlongo wanga," adayankha ali chiweramire pa TV ya kasitomala.

Pakhomo la holo adakhuthuladi zikwama patebulo. Clive adali pomwepo, koma sadapeze choseka. Nasrin adamwetulira, kuyesa kuti wachenjera.

Atangokhala pampando, foni idayamba kunjenjemera m'thumba. Adasuzumira. Malume. Idasiya, idayambanso. Malume. Kachitatu, kachinayi. Nasrin adadziwa kuti akapeza kabokosi kaja, ndipo adaopa kukalipiridwa anzake akumva. Adazimitsa foniyo.

5. Mphindi khumi

Aliyense ankapatsidwa mphindi khumi. Wamkulu wa oweruza, bambo wa imvi dzina lake a Cornelius, adaika wotchi patebulo nanena kuti sawonjezera ngakhale mphindi imodzi.

Angela adali wachitatu. Laputopu yake yatsopano idali ndi khomo la HDMI. Adangolowetsa chingwe cha pa TV, chithunzi n'kutuluka nthawi yomweyo. Adalankhula bwino za mbaula yosawononga makala, anthu naomba m'manja.

Nasrin adali wachisanu ndi chimodzi. Adaika kandowa patebulo, nalumikiza zonse monga adachitira kwa Angela. Chingwe cha buluu, kachipangizo koyera, TV. Zonse zidalowa. Adayatsa laputopu, ndipo kafani kake kadayamba kulira.

TV idakhala yabuluu. Pakati padalembedwa mawu awiri oyera: No Signal.

Adazula nalowetsanso. Palibe. Adamanga timasikuluwu ta chingwe cha buluu mpaka zala kuwawa. Palibe. Adazimitsa laputopu nayiyatsanso. Mphindi zitatu zidapita. M'holo mudayamba manong'onong'o.

A Rahim, omwe ankayang'anira makina a pahotelapo, adabwera mothamanga. Adasintha khomo la pa TV, adadina rimoti. Kenaka adatenga kachipangizo koyera kaja nakatembenuza.

"Mwana wanga, aka n'kotenga HDMI kupita ku VGA. Iwe ukufuna kobwerera kwinako. Aka sikangagwire ngakhale titakhala pano mpaka mawa. Dzulo unali kuti? Tikanaona dzulo, bwenzi titapeza nzeru."

"Mulibe kena, bambo? Chonde."

"Makina a VGA tinasiya kalekale kuno. Ndilibe."

Angela adaimirira. "Agwiritse ntchito laputopu yanga!" Koma pulogalamu idali m'laputopu yakhungu ija, ndipo popanda sikirini sakadatha ngakhale kuikopera. Mphindi zisanu ndi imodzi zidapita.

Nasrin adayesa kulankhula chabe. Adathira madzi m'kandowa. "Madzi akamakwera chonchi, pa sikirini pamaoneka mzere wofiira. Ukafika apa, ndiye kuti..." Adaloza TV. Anthu onse adayang'ana komwe adaloza, ndipo adaona buluu yekhayekha.

Palibe adaseka. Ngakhale Clive adaweramitsa mutu. Kukhala chete kumeneko kudawawa kuposa kuseka kuja.

"Nthawi yatha," adatero a Cornelius.

Onse atamaliza, a Cornelius adaimirira kuti alengeze. Asadatchule wopambana, adavula magalasi nayang'ana kumene kudakhala Nasrin.

"Ndinene chinthu chimodzi, ana inu, ndipo chikuwawa kuchinena. Titawerenga mapepala anu sabata yatha, ntchito imene tinaiika pamwamba inali ya madzi a mumtsinje. Ikanatha kupulumutsa miyoyo. Koma ife sitipereka mphotho pa zimene tauzidwa. Timapereka pa zimene taona. Tinakupatsani masana onse a dzulo oyesera makina, ndipo buku la pakhomo likuonetsa amene anabwera ndi amene sanabwere. Ena sanabwere koma mwayi wawaphimba. Mwayi suphimba aliyense. Luso si nzeru za m'mutu zokha. Luso n'kuyesa kanthu kakang'ono komwe ukukaona ngati kachabechabe. Chipangizo chochenjeza anthu za madzi chikakana kuyaka tsiku la chigumula, simudzawauza amasiye kuti chingwe sichinagwirizane."

Kenaka adatchula dzina la Angela.

Angela adalandira kalata yake akulira. Adathamangira kwa Nasrin. "Pepa, mnzanga, sindimadziwa. Ndithu sindimadziwa." Nasrin adavula jekete ija, adaipinda bwino, naipereka pamodzi ndi kachipangizo koyera. Kenaka adanyamula chikwama chake natuluka.

6. Pageti

Kunja dzuwa lidali likuswa mtengo. Magalimoto a makolo ankatuluka limodzilimodzi. Nasrin adayenda wapansi kulowera ku geti, chikwama chikumulemera ngati muli miyala.

Kunja kwa geti, pamwala wa m'mbali mwa msewu, padakhala munthu wovala mkanjo, mwendo umodzi atautambasula. Mkanjowo udali utanyowa ndi thukuta kumsana konse. Pamiyendo pake padali jumbo yakuda.

Adali a Mukhtar.

Mlonda wa pageti adamuona Nasrin ataima chilili. "Kodi ndiwe mwana wawo? Bambowa afika pano isanakwane naini. Khadi alibe, ndiye sindikanawalowetsa. Anandipempha kuti ndikupititsire jumboyo, koma ife satilola kulandira katundu kapena kuchoka pageti. Akuimbira foni mpaka atopa."

Isanakwane naini. Nasrin adaitanidwa kutsogolo cha m'ma leveni. Maola awiri athunthu kabokosi kadali pageti, mtunda woti munthu n'kuthamanga mphindi imodzi.

A Mukhtar adadzuka movutikira. Adali atatseka kachipinda kawo Loweruka, tsiku la makasitomala ambiri, nakwera kabaza kuchokera ku Old Town ndi mwendo umenewo. Adayang'ana nkhope ya Nasrin ndipo sadafunse za mpikisano.

"Ndinayesa kagwa m'chikwama mwangozi," adatero motsitsa mawu. "Ndinadziimba mlandu njira yonse kuti sindinatseke zipi. Koma pokhala pamwalapa ndaganiza. Chinthu chogwa sichikadzibisa kuseri kwa mamonita. Dzulo unabwera kudzayesa?"

"Ayi, malume."

"Unakasiya dala?"

"Eya."

"Chifukwa?"

Misozi idayamba kutsika. "Ndimachita nako manyazi."

A Mukhtar adatsegula jumbo nayang'ana kabokosi kaja nthawi yaitali. Adakanikiza ndi chala tepi wachikasu pomwe adamatuka.

"N'konyansadi," adatero. "Ngati laputopu ija. Ngati kachipinda kanga. Ngati ine pageti pano. Koma tonsefe timagwira ntchito, Nasrin."

Bola akadamukalipira. Bola akadamumenya mbama pamaso pa mlonda. Nasrin adagwada pafumbi pomwepo akulira mokweza, koma kulira sikubweza mphindi khumi.

Foni ya a Mukhtar idalira m'thumba la mkanjo. Adaitulutsa, adaona dzina, napumira m'mwamba.

"Ndi bambo ako. Aka n'kachisanu. Kuyambira m'mawa sanasoke ngakhale batani, angokhala pakhonde kuyang'ana msewu. A Jasuben nawonso akuti awafunsa kawiri ngati Lolemba ukubwera." Adamupatsira foniyo. "Ine sindikuyankhira. Yankha wekha, ndipo ulendo uno unene zoona."

Nasrin adapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Adadina foniyo naiika kukhutu.

"Mukhtar?" adamveka mawu a bambo ake, odzaza chiyembekezo chimene m'mawa adachibisa. "Watuluka mwanayo? Tandiuza msanga, wapambana?"

"Ndine, ababa," adatero Nasrin.